Nsalu ya Agogo Savala Choimirira

Ine ndine Nives. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwathu ndi pamwamba pa phiri, kumpoto kwa Italy. Mudzi wathu ndi waung'ono. Njira zake ndi masitepe okhaokha.

Tsiku lija ndinkafuna chinthu chimodzi. Chimodzi chokha basi. Ndinkafuna kuti nsalu ya agogo isadulidwe.

Koma anthu akuluakulu, abale! Samva. Amangolankhula. Amalankhula onse nthawi imodzi.

*

Nsaluyo inali ya agogo anga aamuna. Dzina lawo linali Ottavio. Anamwalira nyengo yozizira yapitayi. Ndimawasowa tsiku lililonse.

Nsalu yawo ndi yaitali. Ndi yaitali kwambiri. Imayambira kukhitchini n'kukafika pakhomo. Ndi ya ubweya wa nkhosa. Ili ndi timabokosi tobiriwira ndi tabuluu. Ilibe batani. Ilibe zipi. Ndi nsalu chabe, ndi lamba wake wachikopa.

Agogo ankaivala m'chiuno. Inkalekeza m'mawondo. Mbali yotsala ankaiponya paphewa.

Ana ankawaseka. "Agogo avala siketi!"

"Si siketi iyi!" agogo ankatero. "Amuna a ku Scotland amavala chonchi!"

Agogo ankati makolo athu anachokera ku Scotland. Ankati anali asilikali. Kalekale nkhondo itatha, anasochera m'mapiri muno. Chisanu chinawatsekera njira. Ndiye anakwatira konkuno. Sanabwererenso kwawo.

Agogo sanapiteko ku Scotland. Ngakhale kamodzi. Ndege ankaiopa. Nyanja ankaiopanso. Moyo wawo wonse ankagawa makalata m'mudzi muno, wapansi.

Koma mukanawamva!

Mvula ikagwa, ankati, "Eee! Ngati kwathu ku Scotland!"

Nkhungu ikatsika, ankati, "Eee! Ngati kwathu ku Scotland!"

Nkhosa ikalira, mawu omwewo.

M'phala ankathiramo mchere. Shuga ayi. Ine ndinalawako kamodzi. Sindinapemphenso.

*

Chaka chilichonse kumakhala chikondwerero cha mudzi. Belu la kutchalitchi limalira katatu. Likalira kachitatu, anthu onse amanyamuka. Amazungulira mudzi ndi malipenga ndi ng'oma.

Patsogolo pa onse pankayenda agogo. Oimba kumbuyo. Ansembe kumbuyo. Agogo patsogolo, nsalu ili m'chiuno. Palibe anawasankha. Anangoyamba okha. Anachita zimenezi zaka makumi asanu.

Chaka chino kunalibe agogo.

M'mawa wa chikondwerero tinali kukhitchini. Panali amayi anga. Panali amalume a Fulvio, mchimwene wawo wa amayi. Panalinso ine. Tinkadya buledi ndi tchizi.

Kenako analowa agogo aakazi. Dzina lawo ndi Pierina. Ndi aafupi. Ndi oonda. Koma akalankhula, mphaka amathawira kunja.

Ananyamula nsalu ija. Anaiika pampando, khuu! M'thumba la epuloni anatulutsamo sizasi. Sizasi yaikulu, yakuda.

"Ndatopa nayo nsalu iyi," anatero agogo. "Njenjete zayamba kuidya. Taonani kabowo aka."

"Ndiye mutani nayo, amama?" amayi anafunsa.

"Ndiidula patatu. Ina yako. Ina ya Fulvio. Ina yanga. Tisoka makushoni."

Makushoni! Nsalu ya agogo, anthu aziikhalira?

Ndinasiya buledi wanga patebulo.

"Agogo, chonde musadule," ndinatero.

"Ndiye ndiisunge ya chiyani? Ndiziweta njenjete?"

"Chonde, agogo."

Agogo anandiyang'ana. Anayang'ananso nsalu.

"Chabwino," anatero. "Wina aivale. Lero lomwe. Ayende nayo patsogolo. Koma belu lachitatu likalira ikadali pampando apa, ndidula."

Amalume anapukuta pakamwa. Anaimirira. Amalume ndi aakulu thupi. Amakonza mathirakitala kugalaja.

"Zimenezo zokha, amama?" anatero. "Ine ndimamasula injini n'kuimanganso. Ndingalephere nsalu?"

*

Apa ndikuuzeni chinsinsi.

Ine ndinkadziwa kavalidwe kake. Ine ndekha.

Agogo aamuna ankavalira m'chipinda mwawo. Ankatseka chitseko. Palibe ankaloledwa kulowa. Koma zaka ziwiri zomaliza, zala zawo zinauma. Sizinkatha kupinda nsalu.

Ndiye Lamlungu lina anandiitana. Anatseka chitseko. Anandiphunzitsa. Kuyambira pamenepo, wopinda ndinali ine. Lamlungu lililonse.

"Usauze munthu," agogo anatero. "Makamaka agogo ako aakazi. Akadziwa, andiletsa kuvala. Walonjeza?"

"Ndalonjeza."

"Msilikali saphwanya lonjezo."

"Ine si msilikali, agogo."

"Makolo ako anali asilikali. Ndi chimodzimodzi."

Ndiye ndinali pamenepo. Ndikudziwa, koma ndinalonjeza. Ndinalonjeza, koma sizasi ili patebulo.

*

Amalume anagwira nsonga imodzi. Amayi anagwira nsonga ina.

"Gwiritsa, Oriana," amalume anauza amayi. "Ine ndizizungulira."

Amalume anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anazungulira katatu. Nsalu inakwera pamimba. Inakwera pachifuwa. Inamanga manja. Inaphimba nkhope.

"Sindikuona!" anafuula amalume.

"Imani, achimwene!" anatero amayi.

"Ndiima bwanji? Mutu ukuzungulirabe!"

Amalume anagunda tebulo. Makapu analira. Mphaka anathawa. Amalume anagwera pampando, khuu!

"Amalume," ndinatero, "nsalu imeneyi savala choimirira."

"Iwe Nives, sendera uko. Tingakuponde."

Agogo aakazi anapukusa mutu.

"Mwana ndi bambo wake, chimodzimodzi," anatero. "Tsiku la ukwati wathu ndinadikira kutchalitchi ola lathunthu. Maluwa anafota m'manja. Ansembe anasinza. Mkwati ali kuti? Ali kunyumba, akulimbana ndi nsalu yomweyi!"

"Ndiye munatani, amama?" amayi anafunsa.

"Ndinakwatiwa naye. Ndikanatani? Chakudya chinali chitapsa kale."

Ngee! Belu loyamba linalira.

*

"Pakufunika mapini," anatero amayi.

Amayi anabweretsa kabokosi ka mapini. Anabaya apa. Anabaya apo. Anabayanso apa.

"Mayo!" anafuula amalume. "Pamenepo ndi ine, si nsalu!"

"Musamagwedezeke, achimwene."

Amayi anapititsa nsalu pakati pa miyendo. Anaikokera kumbuyo. Anabayanso mapini asanu. Kenako anabwerera m'mbuyo kuti aone.

Tonse tinaona.

"Thewera," anatero agogo aakazi. "Mwamuna wa ndevu wavala thewera."

"Amayi," ndinatero, "sapititsa pakati pa miyendo."

"Nives, mwana wanga, kadyetse mphaka."

"Mphaka wathawa."

"Ndiye kamufunefune."

Ha! Mwaona? Samva.

Amayi anayamba kuzula mapini. Anazula limodzi. Anazula lina. Kenako anaseka okha.

"Ndili kusukulu, ababa anabwera atavala nsalu iyi," anatero. "Aphunzitsi anawaitanira nkhani ya masamu anga. Iwo anakamba za Scotland mpaka nthawi yoweruka. Ine ndinabisala pansi pa desiki."

"Masamuwo anatha bwanji?" amalume anafunsa.

"Aphunzitsi anaiwala. Anapita kwawo akuimba nyimbo ya ababa."

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana sizasi.

*

"Dikirani," anatero amalume. "Tifunse foni."

Kwathu kuno foni imagwira malo amodzi okha. Imagwira pawindo la kukhitchini, pamwamba penipeni. Amalume anakwera pampando. Anakweza dzanja. Anakwezanso.

Pafoni panali kabwalo. Kanazungulira. Kanazungulira. Kanangozungulirabe.

"Katsala pang'ono," anatero amalume.

Kanazungulirabe.

Amalume ali pampando pomwepo, anayang'ana kunja.

"Mukuona masitepe awo?" anatero. "Tsiku lina galu anagwira nsalu ya ababa pamenepo. Galu kukoka, ababa kukoka. Nsalu inamasuka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akazi onse anatseka mawindo."

"Ena sanatseke," anatero agogo aakazi.

"Koma makalata sanagwetse ngakhale imodzi. Anagawa onse. Kunyumba za nkhalamba ankakhala pansi n'kuwawerengera. Ndiye ankachedwa kubwera."

"Supu ankazizira tsiku lililonse," anatero agogo. "Tsiku lililonse!"

Anatenga sizasi. Anaitsegula. Anaitseka. Tchaku, tchaku.

Ngee! Ngee! Belu lachiwiri linalira.

Amalume anatsika pampando. Anaika foni m'thumba.

"Zakanika, amama," anatero. "Ababa apita nalo luso lawo."

Agogo anayala nsalu patebulo. Anayamba kuyeza ndi dzanja.

*

Ndinathamangira kuchipinda kwa agogo aamuna. Ndinatseka chitseko. Pakhoma pali chithunzi chawo. Aimirira, chifuwa patsogolo, mawondo pamtunda.

Ndinawayang'ana. Ndinali nditakwiya.

"Mwaona zimene mwachita, agogo?" ndinatero. "Mwandisiyira lonjezo. Mwandisiyiranso nsalu. Ndisunge chiti?"

Agogo anandiyang'ana ali pachithunzipo. Anangomwetulira.

"Musamwetulire. Akufuna kusoka makushoni!"

Anangomwetulirabe.

Ndinakhala pabedi. Ndinaganiza. Agogo ankaopa kuti awaletsa kuvala. Tsopano palibe angawaletse. Koma nsalu ikadulidwa, yadulidwa. Palibe angaivalenso.

Misozi inatuluka. Ndinaipukuta ndi dzanja.

"Pepani, agogo," ndinatero. "Ndikukanena."

*

Kukhitchini onse ankalankhula. Amayi ankati adule m'litali. Amalume ankati adule m'lifupi. Agogo aakazi ankati onse achoke patebulo.

"Ndikudziwa ine," ndinatero.

Palibe anamva.

"Ndikudziwa ine!"

Palibe anamva.

Ndinatenga chivundikiro cha poto. Ndinatenga supuni yaikulu. Ndinakwera pampando. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Onse anatembenukira kwa ine.

"Ine ndimadziwa kupinda nsalu imeneyi," ndinatero. "Zala za agogo aamuna zinauma. Wopinda ndinali ine. Zaka ziwiri. Anati ndisauze munthu."

Amayi anagwira pakamwa. Amalume anakhala pansi.

Agogo aakazi anaika sizasi patebulo. Anaiika pang'onopang'ono.

"Zaka ziwiri?" anafunsa.

"Eya, agogo."

"Zala zinauma, osandiuza ine?"

"Anati mukadziwa muwaletsa kuvala."

"Ndikanamuletsadi!" anafuula agogo. "Munthu wouma mutu! Kuzizira konse kuja, mawondo pamtunda! Mwamuna wanji wosamva chonchi!"

Anatembenukira kuwindo. Anapukuta m'maso ndi epuloni.

Ndinatsika pampando. Ndinapita pafupi.

"Ndaphwanya lonjezo, agogo," ndinatero. "Kodi agogo aamuna akwiya nane?"

"Akakwiya abwere adzandiuze ine," anatero agogo. "Ndili nawo mawu ambiri oti ndimuuze. Tiye, tionetse."

*

Tsopano onse anamva. Zinali zachilendo ndithu.

"Amalume, chotsani tebulo."

Amalume anachotsa tebulo.

"Amayi, chotsani mipando."

Amayi anachotsa mipando.

"Agogo, sesani pansi."

"Pansi panga ndi poyera," anatero agogo. Koma anasesa.

Ndinayala lamba pansi. Pamwamba pake ndinayala nsalu. Inayambira kukhitchini. Inakafika pakhomo.

Ndinagwada. Ndinasiya mbali imodzi yosapinda. Kenako ndinayamba.

Ika dzanja. Koka nsalu. Pinda.

Ika dzanja. Koka nsalu. Pinda.

"Chimodzi," ndinawerenga. "Ziwiri. Zitatu."

"Fulumira, mwana wanga," anatero amayi.

"Sathamangira, amayi. Timabokosi tizikumana."

Ika dzanja. Koka nsalu. Pinda.

"Ukulakwitsa apo," anatero amalume.

"Amalume, munavala thewera inu."

Amalume anasendera kumbuyo.

Ndinapinda mpaka makumi awiri. Nsalu yaitali ija inafupika. Mbali ziwiri zinatsala zosapinda, uku ndi uku. Nsonga za lamba zinasuzumira m'mbali.

"Yatha," ndinatero. "Tsopano amalume mugone pansi."

"Ndigone pansi?"

"Chagada. Pakati pa nsalu."

"Ndiye n'chifukwa chake ankatseka chitseko!" anatero amayi.

Amalume anapuma mokweza. Anagwada bondo limodzi.

"Dikirani," ndinatero. "Muyambe mwavula thalauza."

Amalume anaimiriranso msangamsanga.

"Ndivule chiyani?"

"Thalauza. Kabudula musiye. Koma mawondo azioneka."

"Aaa, ayi! Ayi, ayi, ayi. Mudzi wonse uone mawondo anga? Anzanga a kugalaja andiseka mpaka chaka chamawa."

"Agogo sankavala ndi thalauza."

"Ababa anali ababa. Ine ndine ine."

"Chonde, amalume. Nthawi yatha!"

"Oriana, vala iweyo."

"Ine ndikuimba kwaya lero," anatero amayi. "Ndili ndi yunifolomu yanga."

Kunja malipenga anayamba kuyesa mawu. Anthu ankadutsa pakhomo. Nsapato zinkamveka pamasitepe.

Ndinayang'ana nsalu. Ndinali nditaipinda bwino. Ndinali nditaphwanya lonjezo. Zonsezi kuti pasapezeke wogonapo?

Ndinagona ndekha pakati pake. Nsalu inandipitirira kumapazi. Inandipitirira kumutu. Lamba akanandizungulira katatu. Ndinadzuka.

Ndinatopa. Ndinatopa ndi foni. Ndinatopa ndi mapini. Ndinatopa ndi mawondo a amalume. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Ndinalira mokweza.

*

Agogo aakazi anaika manja m'chiuno. Anayang'ana amalume kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Fulvio," anatero. "Bambo wako anaonetsa mawondo zaka makumi asanu. Mawondo ake ngati mbatata ziwiri. Anafa nazo manyazi?"

"Amama, nthawi zinasintha."

"Zinasinthadi. Kale mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sankaposa mwamuna mtima. Choka apo!"

Amalume anachoka.

Agogo anamasula epuloni. Anaipachika pachitseko. Anavula siketi yawo yakuda ya pamwamba. Anatsala ndi ya mkati ndi masokosi.

"Amama, mukutani?" amayi anafunsa.

"Ukuona ngati ndikutani? Ndigwire dzanja."

"Koma msana wanu!"

"Msana ndi wanga. Ndigwire."

Amayi anagwira dzanja ili. Amalume anagwira dzanja ilo. Agogo anatsika pang'onopang'ono. Mawondo awo analira, thethe, thethe. Anakhala pansi. Anagona chagada.

Ndinasiya kulira.

"Usangondiyang'ana," anatero agogo. "Pansi pano m'pozizira."

Ndinapukuta mphuno. Ndinagwada pambali pawo.

"Senderani kumtunda pang'ono, agogo. Nsalu ilekeze m'mawondo."

Anasendera.

Ndinatenga mbali yakumanja. Ndinawafunditsa pamimba. Ndinatenga mbali yakumanzere. Ndinaiika pamwamba. Ndinakoka lamba. Ndinamanga. Bowo lomaliza linakwana. Agogo aamuna analinso oonda.

"Yatha, agogo. Dzukani."

Agogo sanadzuke.

Anakokera nsalu kumphuno. Anatseka maso. Anapuma. Anapumanso.

"Amama?" amayi anaitana.

"Dikirani pang'ono," anatero agogo, motsitsa mawu. "Ikununkhirabe sopo wake wometera."

Tinadikira. Tonse. Ngakhale amalume. Amayi anandigwira paphewa.

Ngee! Ngee! Ngee! Belu lachitatu linalira.

Agogo anatsegula maso.

"Mukudikira chiyani? Ndidzutseni! Mukufuna ndikayende chogona?"

Amalume anakoka. Amayi anakoka. Ine ndinakankha kumbuyo. Agogo anaimirira. Nsalu sinagwe. Timabokosi tonse tinakumana.

Ndinakwera pampando. Ndinatenga mbali yotsala. Ndinaiponya paphewa lawo lakumanzere. Amayi anandipatsa phini limodzi. Limodzi lokha linakwana.

Amalume anayang'ana kutsogolo. Anayang'ana kumbuyo. Anaimba mluzu.

"Koma amama, mwatchena."

"Tseka pakamwa, utsegule chitseko."

*

Tinatuluka. Tinatsika masitepe. Agogo patsogolo, ife kumbuyo.

Anthu anali atasonkhana kale pabwalo la tchalitchi. Oimba anali atakweza malipenga. Koma palibe ankayenda. Patsogolo panali popanda munthu. Onse ankangoyang'anizana.

Kenako anaona nsalu.

Woimba ng'oma anatsegula pakamwa. Ansembe anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso.

Mnyamata wina anafuula. "Agogo ena avala siketi!"

Agogo anaima. Anatembenuka.

"Iwe, ndimawadziwa amayi ako," anatero.

Mnyamata uja anabisala kumbuyo kwa anzake.

Agogo anadutsa oimba. Anadutsa ansembe. Anaima patsogolo pa onse. Anakweza chibwano.

"Tiyeni," anatero. "Sindinagone pansi pachabe."

Ng'oma inalira. Malipenga analira. Mudzi wonse unanyamuka.

Tinakwera masitepe. Tinatsika masitepe. Nkhalamba zinasuzumira pamawindo. Zina zinaomba m'manja. Zina zinalira. Bambo wina wokalamba anavula chipewa. Anachigwira pachifuwa mpaka tinadutsa.

*

Pamwamba pa mudzi pali malo opumira. Pamenepo mphepo inatipeza. Inachokera kuphiri. Inali yozizira kwambiri. Ine ndinali nditaiwala juzi. Mano anayamba kugundana.

"Nives, bwera kuno," anatero agogo.

Anazula phini paphewa. Anatambasula nsalu ya pamwamba. Anandilowetsa mkati. Munali mofunda.

Amayi anachoka pagulu la kwaya. Analowa mbali inayo.

Amalume anaima pambali. Manja anali m'thumba. Mphuno inali itafiira.

"Malo alipo?" anafunsa.

"A anthu oopa mawondo awo palibe," anatero agogo.

"Amama, kukuzizira."

"Lowa. Koma mutu wokha."

Amalume anawerama. Analowetsa mutu. Kenako phewa. Kenako phewa lina. Tinapanikizana. Koma nsalu inatikwana tonse anayi.

Agogo anaisisita ndi dzanja. Anaisisitanso.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikuichapa nsalu iyi," anatero. "Kuichapa, kuiyanika, kuinyoza. Munthu uja sanandiuzepo kuti imafunda chonchi."

Ndinawakumbatira m'chiuno, pamwamba pa lamba.

"Nanga makushoni, agogo?"

"Tikagula kusitolo ngati anthu ena onse," anatero. "Lamlungu ubwere m'mawa, udzandipindire. Ndipo chitseko tizisiya chotsegula. Tiye, sendera. Ukundiponda phazi."